Mipando ya ku Chandigarh Ikupangidwanso

Ndikhulupirira kuti ambiri a inu mwakhala pa mpando, ena pa benchi, ena pa mkeka, ndipo palibe amene akulingalira za chimene wakhalirapocho. Nzosadabwitsa, pakuti mpando ukakhala wabwino munthu amauiŵala. Koma lero ndikupemphani kuti tilingalire pamodzi za mipando ina ya ku India. Mipandoyi idapangidwira makalaliki a boma, pambuyo pake idatayidwa kuseri kwa maofesi, kenaka idagulidwa ndi anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America pa mitengo yoti munthu angamangire nyumba, ndipo tsopano ikupangidwanso mwatsopano m'maiko angapo. Funso limene ndifuna tiyende nalo ndi ili: mpando ukapangidwanso patapita zaka makumi asanu ndi limodzi, kodi ndi dzina la yani liyenera kulembedwapo?

Nkhaniyi iyambira mu 1947, pamene Angerezi adachoka ku India ndipo dzikolo lidagaŵidwa paŵiri, India ndi Pakistan. Malire atsopanowo adadula chigawo cha Punjab pakati, ndipo mzinda wa Lahore, umene udali likulu la chigawocho, udagwera mbali ya Pakistan. Motero Punjab ya ku India idatsala yopanda likulu. Boma, molimbikitsidwa kwambiri ndi nduna yaikulu ya dzikolo, a Jawaharlal Nehru, lidaganiza zomanga mzinda watsopano pa chigwa cha m'munsi mwa mapiri a Shivalik, makilomita pafupifupi 250 kumpoto kwa Delhi. Mzindawo adautcha Chandigarh. Inu akuluakulu amene mukumbukira kusamuka kwa likulu lathu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, mudziŵa kukula kwa ntchito yotere: misewu, maofesi, nyumba za antchito, masukulu, zonse zofunika pa nthaŵi imodzi.

Ntchito yolemba mapulani a mzindawu idaperekedwa kwa a Le Corbusier, katswiri wobadwira ku Switzerland amene ankagwirira ntchito ku Paris. Iwoŵa adali m'gulu la atsogoleri a kamangidwe katsopano kamene kadafala m'zaka za m'ma 1920, kokana zokometsera zopanda ntchito, konena kuti maonekedwe a nyumba azichokera ku ntchito ya nyumbayo ndi ku zipangizo zomangira. Dzina lakuti Le Corbusier lidali lodzipatsa. Dzina lao lenileni adali a Charles-Édouard Jeanneret. Pa ntchito ya ku India adatenga mbale wao wa banja lomwelo, a Pierre Jeanneret, obadwa mu 1896 ku Geneva, amene adagwira nao ntchito kuyambira mu 1922. Padalinso banja lina la ku England, a Maxwell Fry ndi mai Jane Drew, amene adali atamangapo kale masukulu kumadzulo kwa Africa, pamodzi ndi gulu la anyamata ndi atsikana a ku India komweko amene adali atangomaliza maphunziro a zomangamanga.

A Le Corbusier ankabwera ku India kaŵiri pa chaka nkubwerera ku Paris. Iwo ndiwo adalemba mapulani a nyumba zikuluzikulu za boma: Bwalo Lalikulu la Milandu, Nyumba ya Malamulo ndi likulu la maofesi. Koma amene adakhazikika pamalopo, namva kutentha kwa mwezi wa May ndi mvula ya mwezi wa July, adali a Pierre Jeanneret. Adakhala ku Chandigarh kuyambira mu 1951 kufikira mu 1965, akuyang'anira zomanga, akulemba mapulani a nyumba za antchito, masukulu ndi nyumba zambiri za Panjab University. Atamwalira ku Geneva mu 1967, mtembo wao udatenthedwa, ndipo mu 1970 phulusa lake lidakawazidwa pa nyanja ya Sukhna ku Chandigarh, monga momwe iwo eni adapemphera.

Tsono nyumba ikatha kumangidwa imafuna katundu wa m'katimo. Woweruza afuna mpando, kalaliki afuna desiki, wophunzira afuna tebulo loŵerengerapo. Mipando yofunika idali zikwizikwi, ndipo India wa masiku amenewo adalibe ndalama zoitanitsira katundu wotere kunja. Ofesi ya a Jeanneret idayenera kupeza mpando woti akalipentala wamba angathe kupanga ndi sowo, tchizulo ndi chopalira matabwa, popanda makina a m'fakitale.

Popeza wailesi ilibe zithunzi, lolani ndikufotokozereni mpando wodziŵika koposa mwa yonseyo, umene udali wa mu ofesi. Mukauyang'ana cham'mbali, muona miyendo iŵiri yophwatalala imene yakumana pamwamba ndi kutayana pansi, monga chilembo cha V chozondoka, kapena monga kampasi imene ana a sukulu amajambulira zozungulira. Pamene miyendoyo yakumana mpamene pagona thabwa lotsamirapo mkono. Mbali inayo ndi chimodzimodzi. Pakati pa mbali ziŵirizi pali pokhalira ndi potsamira msana, zonse ziŵiri zolukidwa ndi timizere tosendedwa ku chomera choyanga cha m'nkhalango chotchedwa rattan. Thabwa lake kaŵirikaŵiri lidali la mtengo wa teak, umene m'kulimba kwake tingaufanizire ndi mlombwa wathu: chiswe sichiukonda, ndipo chinyezi sichiupotoza msanga. Chilichonse pa mpandowu chidali ndi chifukwa chake. Ku Chandigarh kumatentha kupitirira madigiri 40 mvula isanayambe, ndipo mpando wa thonje ndi nsalu ukadamata thukuta nuchita nkhungu m'dzinja. Choluka chija chimalola mphepo kupita. Chikatha, woluka amachotsa nkuluka china, thabwa lili chikhalire.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Mipandoyi sidachokere m'fakitale imodzi. Ofesi inkajambula pulani, pulaniyo nkuperekedwa kwa akalipentala a m'malo osiyanasiyana, aliyense nkupanga monga momwe dzanja lake ndi thabwa lake zidamulolera. Wina mwendo unkanenepa pang'ono, wina potsamira pankapendekeka mosiyana. Palibe amene adakalembetsa pulaniyo ku boma kuti ndi yake, ndipo pa mipandoyo sipadalembedwe dzina la munthu. Chimene chidalembedwapo ndi zilembo ndi manambala a penti kumbuyo, osonyeza ofesi imene ikusunga mpandowo, monga momwe katundu wa boma amalembedwera kulikonse.

Ndiponso mapulaniwo sadatuluke m'mutu umodzi. Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwa achinyamata a ku India amene ankagwira ntchito ndi a Jeanneret mudali mai Urmila Eulie Chowdhury, obadwa mu 1923, mmodzi mwa akazi oyamba m'dzikolo kuphunzira ntchito yolemba mapulani a nyumba. Iwoŵa adagwira gawo lalikulu pa ntchito ya mipando, ndipo ofufuza ambiri amati mpando wa m'nyumba yoŵerengeramo mabuku ya pa yunivesite udali wao. Pambuyo pake adadzakhala mkulu wa akatswiri a mapulani mu mzinda wonsewo. Mudalinso a Aditya Prakash, a Jeet Malhotra ndi a A. R. Prabhawalkar. Maina a akalipentala ndi oluka sadasungidwe nkomwe.

Zaka zidapita. Pofika m'ma 1980 ndi m'ma 1990, mipando ija idayamba kuoneka yachikale m'maso mwa eni ake. Maofesi adafuna mipando yachitsulo yozungulira, ya siponji, yooneka ngati ya m'makampani akuluakulu. Yakale ija, ina yoduka mwendo, ina yongobooka choluka, idaunjikidwa m'makonde, pa madenga ndi m'mabwalo, dzuŵa ndi mvula zili pomwepo. Nthaŵi ndi nthaŵi boma linkaigulitsa pa okushoni ngati katundu wotha ntchito, pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa nkhuni.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudayamba kufika amalonda a zinthu zakale ochokera ku France. Wodziŵika kwambiri mwa iwo ndi a Eric Touchaleaume. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: iwoŵa adaona m'milu ija chimene eni mudzi sankachionanso. Adagula mipando, matebulo ndi mashelefu ambirimbiri, kuziika m'zombo, kukazikonza ku Ulaya, nkuyamba kuzionetsa pansi pa dzina la Pierre Jeanneret. Posakhalitsa katunduyo adaloŵa m'maokushoni akuluakulu a ku Paris, London ndi New York. Mipando iŵiri imene kale palibe adaifuna inkagulidwa madola zikwi makumi angapo. Mu 2007, ku okushoni ya Christie's ku New York, ngakhale chivundikiro chachitsulo cha ngalande za mu mzindawo, chojambulidwa mapu a Chandigarh, chidagulidwa pa mtengo wopitirira madola 20,000. Manambala a penti aja, amene kalaliki wosunga katundu adalemba mosasamala, adasanduka umboni wakuti mpando ndi weniweni, mpaka anthu achinyengo adayamba kuŵalemba pa mipando yatsopano.

Mbiri ya mitengoyi itafika ku Chandigarh, anthu ambiri adapsa mtima, nati chuma cha mzinda wao chaloŵa m'nyumba za anthu olemera akunja. Amalonda aja adayankha kuti adagula poyera, motsata lamulo, ndi kuti pakadapanda iwo mipandoyo ikadaola kapena kusonkhezeredwa moto. Mbali zonse ziŵiri zili ndi choona chake. Lamulo la India loteteza zinthu zakale, la mu 1972, limaŵerengera zinthu zimene zapitirira zaka 100, choncho mipando ya m'ma 1950 idalibe chitetezo. Mu 2011 ndi pamene boma lidaletsa kugulitsa katundu ameneyu kunja, koma wambiri adali atapita kale. Mu 2016 bungwe la UNESCO lidaika nyumba zikuluzikulu zija za a Le Corbusier pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo mu 2017 nyumba imene a Jeanneret ankakhalamo idatsegulidwa kuti anthu azikaonamo ntchito zao.

Tsopano tifike pa kupanganso. Si mwambo watsopano pa malonda a mipando. Kampani imatenga pulani ya katswiri wakale, kaŵirikaŵiri mogwirizana ndi iye mwini kapena osunga chuma chake, nkuyambanso kupanga chinthucho ndi kulembapo dzina lake. Kampani ya Knoll ku America idachita zotere ndi mpando wa Barcelona wa a Mies van der Rohe. Kampani ya Cassina, ya ku Meda pafupi ndi Milan ku Italy, idayamba mu 1965 kupanganso mipando yachitsulo imene idaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1929. Chitsanzo chimenechi nchofunika kwa ife, chifukwa mipando ya mu 1929 ija idakonzedwa ndi anthu atatu: a Le Corbusier, a Pierre Jeanneret ndi mai Charlotte Perriand. Koma itapangidwanso idapatsidwa maina oyamba ndi zilembo LC, ndipo kwa zaka zambiri ogula ankangoti mipando ya Le Corbusier. Masiku ano maina onse atatu amatchulidwa pamodzi, koma padatenga nthaŵi kuti cholakwacho chikonzeke. Dzina limene kampani yalemba pa chinthu ndi limene dziko limaloŵeza pamtima.

Mipando ya ku Chandigarh ndi yosiyana ndi imeneyi pa chinthu chimodzi: ilibe mwini woti apereke chilolezo kapena kukaniza. Choncho ikupangidwa ndi ambiri. Cha m'ma 2015 kampani ina yaing'ono ya ku Bengaluru, kumwera kwa India, yotchedwa Phantom Hands, idayamba kuipanga pamanja ndi akalipentala ndi oluka a m'dzikomo, poyeza mipando yakale mosamala. Dzina la kampaniyo m'Chingerezi litanthauza manja osaoneka, ndipo likukumbutsa amisiri aja amene sadalembedwe. Mu 2019 Cassina nayo idatulutsa mipando ndi tebulo za mtundu womwewo, niziika pansi pa mutu wa Chifalansa wakuti Hommage à Pierre Jeanneret, ndiye kuti kupereka ulemu kwa a Jeanneret. Kupatula aŵiriŵa, pali mafakitale osaŵerengeka amene amapanga zofanizira zotsika mtengo, zina zolimba, zina zoti chaka sichitha zisanagwedezeke.

Wopanganso aliyense amakumana ndi funso limene kalipentala aliyense amene akundimvera alimvetsa msanga: kodi nditsanzire uti? Mipando yakale khumi mukaiika pamzere, mupeza miyeso khumi. Kampani iyenera kusankha umodzi, kapena kutenga pakatikati, nkunena kuti uwu ndiwo. Ikatero, mpando umene udali ndi nkhope zambiri umatsala ndi nkhope imodzi. Makina amadula mwendo uliwonse mofanana ndi unzake, ndipo thabwa nthaŵi zina limasinthidwa, monga momwe Cassina imapangira ina ndi mtengo wa oak. Koma choluka chija chimafunabe zala za munthu ngati chiti chilukidwe monga kale, kamzere kalikonse kupyola m'kabowo kake ka pa thabwa, ndipo ndi ntchito yodya nthaŵi.

Pali ena amene amanyoza mipando yopangidwanso, nati weniweni ndi wakale yekha. Ine sindigwirizana nao. Mpando wa ku Chandigarh udakonzedwa kuti utsanziridwe; pulani yake idayenda m'manja ambiri kuyambira tsiku loyamba. Kalipentala wa ku Bengaluru amene akuupanga lero akuchita zimene mnzake wa ku Punjab adachita mu 1955, ndipo mpando wake munthu adzaukhalira, kuukoka, mwana nkuukwera. Wakale uja, wogulidwa madola zikwizikwi, ambiri amaopa kuukhalira. Kupanganso kwasunganso luso loluka, limene likadazilala pakadapanda ogula, ndiponso kwapatsa maofesi ndi mabanja njira yopezera mpandowu popanda kuchotsa wina mu mzinda wake.

Komabe pali zinthu ziŵiri zimene sizindikhalira bwino. Choyamba ndi mtengo. Mpando wopangidwanso ndi makampani otchuka, ngakhale uli wotsika poyerekeza ndi wa pa okushoni, ngwokwerabe kwambiri kwa kalaliki kapena mphunzitsi, amene adali mwini wake woyamba. Chachiŵiri ndi dzina. Amalonda adasankha dzina la a Jeanneret chifukwa dzina la katswiri wa ku Ulaya, mbale wa a Le Corbusier, limakweza mtengo. Palibe akukana kuti a Jeanneret adatsogolera ntchitoyi, ndipo iwonso adakhala zaka zambiri mu mthunzi wa mbale wao wotchuka, kotero nkoyenera kuti alemekezedwe. Koma munthu amene adabisika kumbuyo kwa zilembo LC, lero dzina lake likubisa mai Chowdhury ndi anzao. Sadafune zimenezi iwo. Ndi msika umene umakonda dzina limodzi losavuta kutchula. Kampani yopanganso ndiyo ili ndi mpata wokonza zimenezi, pakuti ndiyo imasindikiza kabuku kotsagana ndi mpando, ndiyo imalemba chikwangwani m'sitolo. Ikalemba kuti mpandowu udachokera mu ofesi ya a Pierre Jeanneret, mai Eulie Chowdhury ndi anzao, napangidwa ndi amisiri a ku Punjab, sitayapo kanthu, ndipo yanena zoona. Ofufuza a ku India akhala akulimbikira zimenezi, ndipo ena mwa opanga ayamba kumva.

Ndisanatsirize, nditchule chinthu chimodzi cha kwathu kuno. Mipando yoluka imene amisiri athu amagulitsa m'mbali mwa misewu imapezeka lero m'masitolo a ku South Africa ndi ku Ulaya, kumene imadziŵika ndi dzina la dziko lathu, Malaŵi. Woigula kumeneko amadziŵa dzina la sitolo, koma kaŵirikaŵiri sadziŵa dzina la amene adailuka. Anthu a ku Chandigarh adazindikira mochedwa kuti chinthu chosalembedwa mwini chimadzalembedwa ndi amene wachitola. Inu akalipentala ndi oluka, palibe chovuta kulemba dzina lanu, mudzi wanu ndi chaka kunsi kwa mpando musanaupereke. Inu aphunzitsi aakulu ndi osunga katundu m'maofesi, musanaponye desiki lakale la mlombwa kuseri kwa nyumba, itanani mmisiri alione, ndipo funsani achikulire kuti adalipanga ndani, mulembe m'buku.

Ku Chandigarh, mipando imene idatsala tsopano amaiŵerenga ndi kuisunga, ndipo ina ikugwirabe ntchito m'maofesi ndi m'nyumba yoŵerengeramo mabuku ya pa yunivesite, kumene ophunzira amaikhalira monga adachitira agogo ao.